A Gide Anakafika ku America, Mafoni a ku Michesi Nawo Anagonja

A Giddes Chalamanda, amene timangowatchula kuti a Gide, anabadwa pa 15 Januwale 1930 ku Chiradzulu. Chakacho chiwerengeni bwino. Pamene wayilesi ya MBC inkayamba kuulutsa mawu mu 1964, iwo anali kale bambo wa zaka 34, zala zitauma ndi mawaya a gitala. Pamene Phalombe ankamudula kuchoka ku Mulanje kuti akhale boma palokha mu 1998, anzawo ogwira ntchito m'boma anali atapuma kalekale, akulera zidzukulu pakhonde. Ndiye munthu ameneyu, amene ambiri tinkati zake zinapita ndi magalamafoni, anadzatchuka dziko lonse lapansi atapitirira zaka 90, kudzera pa TikTok imene sankaidziwa n'komwe, pa foni yamakono imene analibe. Ine ndikaiganizira nkhaniyi ndimaseka ndekha panjira, anthu n'kumandiyang'ana.

Kuno kunsi kwa phiri la Michesi nyimbo za country si zachilendo. Nyumba iliyonse imene inali ndi wayilesi ya mabatire inkawadziwa Jim Reeves, Skeeter Davis, Don Williams, Kenny Rogers ndi Dolly Parton. Azibambo obwera ku Joni ndi ku Halale ankabwera ndi mbale zawo m'sutikesi pamodzi ndi bulangete ndi jekete, ndipo sizodabwitsa, chifukwa Jim Reeves anakaimba yekha ku South Africa mu 1962, anthu kumeneko n'kumukonda ngati wakwawo. Don Williams naye anadzaimba ku Harare mu 1997. Agogo athu ambiri Chingerezi chinkawadutsa, koma ankamva kuti woimbayo sakuthamanga, akusimba nkhani, ndipo nkhaniyo ndi ya mkazi amene wachoka, ya mayi amene anatsala kumudzi, ya munthu amene ndalama zamuthera kutali ndi kwawo. Zimenezo sizifuna womasulira. Dolly Parton anabadwa mu 1946 kumapiri a ku Tennessee, mwana wachinayi m'banja la ana 12, m'kanyumba ka chipinda chimodzi, ndipo dokotala amene anathandiza pobadwa pake anamulipira ndi thumba la ufa wa chimanga. Munthu wa ku Phalombe akamva zotere amangogwedeza mutu. Amaudziwa ufawo, amalidziwa phirilo.

Chimene tinachedwa kuona n'chakuti oimba oterewa tinali nawo athu, pakhomo pomwepa. Munthu mmodzi, chida cha mawaya, ndi nkhani ya kumudzi yosimbidwa mosabisa: country ndi imeneyo basi, chipewa chachikulu ndi nsapato zazitali zija n'zokometsera chabe. Abale a kwa Paseli anaimba za Napolo wa ku Zomba wa 1946, ndipo ife amene Napolo wathu anatsika m'Michesi mu Malichi 1991 nyimbo yotero timaimva mpaka m'mafupa. Alan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, ankaimba m'Chilomwe ndi m'Chichewa ndi gulu lake la Chimvu mpaka anamwalira mu 1995. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anakafika nazo ku Ulaya. Michael Yekha ankachita kukhala gulu lonse ali yekha. Ndiye panali a Gide. Ngakhale banjo imene anthu aku America amainyadira ija, mizu yake ili kuno ku Africa: inawoloka nyanja m'manja ndi m'mitu ya akapolo, inakakulira kumeneko, kenaka inabwerera kwathu ndi asilikali a KAR ndi anthu ochokera kumigodi. Tinkamvera zathu zomwe zitavala jekete.

Koma ulemu sunali wofanana. Don Williams ankalowa m'chipinda chochezera, mbale yake n'kuipukuta ndi kansalu. Woimba banjo wa kwathu malo ake anali pamsika, pa mowa wa masese, pansi pa mtengo wa mango, mbale ya ndalama zachitsulo ili patsogolo. Mwana wako akayamba kukhoma banjo unkadziwa kuti sukulu yatha. Ndipo amene anaionapo ikupangidwa akudziwa kuti si ntchito yamasewera. Umapeza chigubu cha mafuta kapena kapoto kobooka, n'kukungapo chikopa cha mbuzi, kuchikhomera ndi timisomali chikadali chonyowa kuti chikauma chilimbe. Khosi lake umasema ku thabwa, makiyi ake n'kukhala timitengo tosongola. Mawaya umasomola ku chingwe cha mabuleki a njinga, kumasula kamodzikamodzi, kusankha wonenepa ndi wowonda. Kukazizira m'mawa chikopa chimafooka, mawu n'kugwa, ndiye woimba amayamba waiwotcha kaye banjoyo pafupi ndi moto, akuigogoda ndi chala mpaka italira bwino. Luso lonseli ife tinkalitcha uchidakwa. A Gide anayamba kuimba ali mnyamata wamng'ono m'dziko lotero, ndipo anakhalamo zaka makumi ambiri osasiya.

Dzina anali nalo, zimenezo tisanamizane. Wayilesi inkawaika, ana ankawayeserera mawu, ndipo ukangoti "a Gide" aliyense ankadziwa amene ukunena, "Che Meli" n'kuyamba kuimbika pakamwa. Koma kunali kutchuka kwa mtundu wina, koti anthu amakukonda akukuseka. Ankawaona ngati gogo wanthabwala, wa Chingerezi chakechake, woti aimbe anthu asangalale kenaka akwere minibasi abwerere kumudzi kwawo kwa Madzuwa.

Nthawi ya makaseti itatha, zinthu zinafika poipa. Pa Migowi, pa Phalombe boma, kwa Chiringa, paliponse panabuka timashopu ta achinyamata okhala ndi kompyuta imodzi ndi sipika yaikulu pakhomo, oika nyimbo m'mamemori khadi. Ukalowa umapeza mnyamata ali pa mpando wapulasitiki, maso pa sikirini, mzere wa anthu ukudikira. Wa kabaza akufuna za ku Nigeria, mtsikana akufuna za ku Joni zovinira, mayi akufuna za kwaya. Ndiye kubwere bambo wachikulire, chipewa m'manja, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Mwanawe, za a Chalamanda uli nazo?" Mnyamatayo sankatembenuka n'komwe. "Aaa, madala, zimenezo ndiye zakalekale. Dikirani ndione ngati sindinazifufute." Akazipeza zinkakhala mu foda imodzi yotayidwa kumapeto, yolembedwa kuti zamakolo, momwe Namoko, Kachamba ndi Jim Reeves yemwe anaunjikidwa pamodzi. Mnyamatayo osadziwa anali atasanja bwino kuposa akatswiri, koma iye ankatanthauza kuti zonsezo ndi za anthu otsala.

Tsopano apa ndi pamene pali kukoma. Mwa nyimbo za a Gide muli ina yotchedwa "Buffalo Soldier", dzina lofanana ndi ya Bob Marley, mmene amanenamo za khumbo lawo lokaona dziko la America atapeza ndalama. Nyimbo imeneyi anthu ankaikonda chifukwa choseketsa. Gogo wa ku Chiradzulu, woyenda ndi gitala pamsana, akufuna America! Pamalo omwera anthu ankachita kugwa ndi phwete, ena n'kumawafunsa ngati pasipoti atenga kale. Iwo ankangoimba.

Amene sanaseke ndi Edgar Kachere ndi Davis Njobvu, aja timawadziwa kuti Edgar ndi Davis, maloya amene amaimbanso nyimbo zachikhalidwe ndi magitala osalumikiza ku magetsi. Awa anawatenga a Gide ngati kholo, n'kumaimba nawo pamasiteji pamene kale gogoyo sakanaitanidwa. Kenaka mu Julayi 2016, anthu akufuna kwabwino atasonkha, a Gide anakwera ndege ali ndi zaka 86, limodzi ndi anyamata awiriwo. Ndipo sanakathere pa kona ya msewu kapena m'kachipinda ka Amalawi okhaokha ayi. Anakaimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington, nyumba ya mabuku ya boma la America, imene ili m'gulu la zikuluzikulu padziko lonse, komwenso amasunga mawu a oimba akale a kumidzi ya ku America amene country inaphukira. Gitala ya ku Chiradzulu inakalira m'nyumba yosungira makolo a nyimbo za Don Williams. Amene ankafunsa za pasipoti aja, ambiri a iwo ngakhale ku Mwanza sanadutseko.

Tikanati nkhani yathera pamenepo, bwenzi ili yokwanira kale. Munthu analota, anthu anamuseka, iye n'kukafika. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zaka 86 n'kudekha kokwanira. Koma anyamata a m'mashopu a mamemori khadi aja zinali zisanawakhudze. Kwa iwo Library of Congress ndi nyumba ya mabuku basi, ndipo nyumba ya mabuku siivinitsa munthu.

Anawagwetsa ndi Patience Namadingo. Mu 2020, chaka chimene Covid inatseka mabwalo a zoimbaimba, Namadingo ankatenga oimba akuluakulu mmodzimmodzi, n'kulumikiza nyimbo zawo zakale m'kayimbidwe ka reggae, iye n'kumaimba nawo limodzi pa kanema. Anachita zimenezi ndi Lucius Banda, ndi Billy Kaunda, ndi a Black Missionaries. Itafika nthawi ya a Gide, ena tinada nkhawa kuti mwina gogoyo amizidwa ndi zida zamagetsi, kapena asandutsidwa choseketsa pa kanema. Sizinatero. Namadingo, amene anabadwa a Gide ali ndi zaka 60, anachita chinthu chimene oimba achinyamata ambiri chimawavuta: anapatuka pang'ono, n'kusiya mawu a gogoyo kuti atsogole. Mawu aja okhakhala, otsetsereka mwa njira yawoyawo, osafuna kuwongoledwa ndi kompyuta, anakhala pamwamba pa ng'oma ndi besi ngati kuti malowo anali awo chiyambire. Mwa nyimbo zonsezo, imene inagwira moto ndi "Linny Hoo", imene a Gide anapekera mwana wawo wamkazi zaka zambiri m'mbuyomo.

Pa YouTube kanemayo anaonedwa kamamiliyoni. Ndiye chakumapeto kwa 2021 kachidutswa ka nyimboyo kanalowa pa TikTok, ndipo zimene zinachitika kumeneko palibe amene anazikonza. Anthu a ku South Africa anayamba kuvina, a ku Nigeria, mpaka a ku Philippines, anthu oti Chichewa sanachimvepo chibadwire, akutsegula pakamwa kutsatira mawu a gogo wa kwa Madzuwa. Ena ankaiika pa kanema wa mwana wawo, ena pa ukwati, ena akuphika. Pofika Januwale 2022, pamene a Gide ankakwanitsa zaka 92, atolankhani a AFP analemba kuti nyimboyo inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok. Chiwerengero chimenecho n'chochuluka pafupifupi kanayi kuposa anthu onse a m'Malawi muno. Atolankhaniwo anachita kupita okha kumudzi kukawapeza, ndipo anakapeza munthu wopanda foni yamakono, amene mbiri yake ya pa intaneti ankaionera m'mafoni a achinyamata obwera kudzamuonetsa.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ine n'chakuti pa kusintha konseku, amene sanasinthe ndi mwini wakeyo. Nkhani za oimba a country a ku America zimakonda kuyenda motere: mwana wosauka achoka kumudzi, apita ku Nashville, amuveka zonyezimira, amuphunzitsa kuyankhula ndi atolankhani, n'kubwerako munthu wina. Charley Pride anachoka m'minda ya thonje ku Mississippi n'kukhala katswiri wakuda woyamba kugwedeza nyimbo zimene anthu ankati n'za azungu. Dolly Parton anachoka m'kanyumba kaja n'kudzakhala mwini wa Dollywood. A Gide sanapite ku Nashville kulikonse. Sanasinthe kayimbidwe, sanakonze Chingerezi chawo, sanadaye tsitsi kuti aoneke mnyamata. Nyimbo ndi yomweija anthu ankaimva pa wayilesi akupalira. Anasintha ndi ife omvera, ndipo tinasintha mochititsa manyazi, titaona kuti a ku Manila akuvina.

Pitani tsopano pa kashopu kaja. Sipika ya pakhomo, imene kale inkangodziwa za ku Lagos, inayamba kulira mawu a gogo kuyambira m'mawa. Foda ya zamakolo ija inakwezedwa pamwamba. Anyamata a njinga zamoto oima pa siteji, majekete atamanga m'chiuno, ankachita kupikisana kuti ndani akutha kutsetsereka mawu ngati a Gide. Pa chinkhoswe, woika nyimbo akaona kuti anthu azizira ndipo ndalama za perekaniperekani sizikutuluka, ankangoponya "Linny Hoo", azimayi n'kudzuka onse, chitenje m'chiuno, nthungululu kuti wee. Ndipo bambo wachikulire uja akabweranso ndi chipewa m'manja, mnyamata wa kompyuta ndi amene ankayamba: "Agogo, khalani apa. Za a Gide ndili nazo zonse. Kodi inu munawaonapo maso ndi maso?" Bamboyo n'kukhala pa mpando wapulasitiki uja, mwini shopu ataimirira, n'kuyamba kusimba. Mzere wonse n'kumamvetsera, wa kabaza kuiwala kuti wasiya kasitomala padzuwa.

Ana a sukulu nawo anayamba kufunsa mafunso amene kale sakanafunsa. Kodi Namoko anali ndani? N'chifukwa chiyani gitala ya a Kachamba imamveka ngati akuimba anthu awiri? Mabanjo amene anali atapachikidwa kudenga, akudyedwa ndi fumbi ndi utsi, ena anatsitsidwa n'kukungidwa chikopa chatsopano. Sindikunena kuti Phalombe yense wasanduka sukulu ya zoimbaimba. Za ku Nigeria zikadalipo, amapiano akadagunda mpaka malata kunjenjemera. Koma mnyamata wonyamula banjo masiku ano sayenda mozemba kuseri kwa msika, ndipo wina akamuseka ali ndi yankho lokonzeka, la manambala.

Pali mbali ina imene siiseketsa kwenikweni, ndipo ndiinene mwachidule. Kuonedwa pa TikTok si ndalama. Munthu wa ku Philippines akavina nyimbo yako, palibe amene amabwera ndi thumba la feteleza pakhomo pako m'mawa mwake. Ndalama za pa intaneti zimatsata amene analembetsa nyimboyo, mapepala ake ndi akaunti yake, ndipo oimba a m'badwo wa a Gide anakula nthawi imene munthu ankaimba pa wayilesi n'kukhutira kuti dzina lake latchulidwa. Bungwe la COSOMA, loona za umwini wa ntchito zaluso, lilipo kuyambira m'ma 1990, koma woimba wa kumudzi ayenera kudziwa kuti lilipo, ndi kupeza womuthandiza kulemba. Namoko anamwalira za intaneti zonsezi zisanabwere. Mwayi wa a Gide unali woti anakhala ndi moyo mpaka kuwaona okha anthu akuwaombera m'manja, ndiponso anapeza achinyamata ngati Edgar, Davis ndi Namadingo amene anawagwira dzanja osawalanda gitala.

Ife a ku Phalombe tili ndi chifukwa chathu chotcherera khutu. Chiradzulu ndi oyandikana nafe, msewu ndi umodzi, ndipo mtundu wa oimba oterewa kuno sunathe. Joe Gwaladi ndi wathu, munthu amene anazolowera kugulitsa yekha nyimbo zake m'misika ndi m'misewu, akunena zinthu zimene ena amaopa kuzitchula, anthu n'kumaseka akugula. Kuseri kwake kuli ena ambiri opanda dzina pa wayilesi, oimba pa tsiku la msika, m'Chilomwe ndi m'Chichewa, za nandolo wotsika mtengo, za mwamuna wopita ku Mozambique osabwerako, za madzi a namondwe Freddy amene anatikokolola mu Malichi 2023. Kale ukawapeza unkaponya kandalama n'kudutsa. Masiku ano pamakhala anyamata atatu kapena anayi atazungulira, mafoni ali m'mwamba, akujambula, wina akuuza mnzake kuti asunthe chifukwa akutchinga kuwala.

Ndipo oimbawo nawo achenjera. Gogo wina wa banjo amene ndinamupeza pamsika anaimitsa nyimbo pakati, n'kuloza mnyamata amene anali atayandikitsa foni pafupi ndi mphuno yake.

"Iwe mdzukulu, ukujambula kuti upite nazo kuti?"

"Pa TikTok, agogo. Mutchuka ngati a Gide."

"Chabwino. Koma a Gide anadikira zaka 90, ine njala yandigwira lero. Yamba waponya m'mbalemo, ndipo dzina langa ulilembe bwino, ndi mudzi womwe."

Mnyamatayo anapisa m'thumba, anthu akufa ndi phwete, ndipo anachita kufunsa kawiri kalembedwe ka dzinalo asanayambenso kujambula.